Sanda ya magetsi: mmene mungaigwiritsire ntchito osadzivulaza

Mu shedi ya ukalipentala aliyense amaopa sowo ya magetsi, pulena amaiopanso, koma sanda anthu amangoitenga ngati chidole eti poti ilibe mano. Mnyamata wabwera dzulo kudzaphunzira ntchito, lero lomwe akumupatsa kale kuti iwe tenga ichi uzisalalitsa zitseko izo, osamuuzako olo chimodzi. Inenso ndinayamba choncho, nde ndikufuna ndilembe zimene ndikanakonda munthu atandiuza tsiku loyamba lija, makamaka kwa inu amene mwangogula kumene kamashini kanu kapena mwabwereka kwa achimwene kuti mukonze tebulo la pakhomo.

Tiyambe ndi kudziwa chimene mwanyamulacho, chifukwa zonse timangoti sanda koma khalidwe lake ndi losiyana. Pali ya lamba, imene sandipepa yake ndi yozungulira ngati lamba wa pa chigayo. Imeneyi ndi yaukali, imadya thabwa mofulumira ndipo imakoka kupita kutsogolo ngati ng'ombe yolusa pa ngolo. Pali ya obito, yomwe imangonjenjemera, ina ya pansi pa folokona ina yozungulira ya mamilimita 125 yomata pepala lake ngati zomata za pa nsapato za ana, iyi ndi yofatsa ndi yomalizira ntchito. Kenako pali imene ambiri tili nayo zenizeni, girayinda yomwe timangoimanga disiki ya sandipepa n'kuitcha sanda. Pitani ku Mchesi kapena ku Ndirande mukaone, ambiri akugwiritsa imeneyi poti ndi yotchipa komanso imagwira ntchito zambiri. Girayinda yaing'ono ya mamilimita 115 imazungulira ka 11,000 kapena chapompo pa mphindi imodzi, ndiye musaiyerekeze n'komwe ndi zinzakezo.

Chinthu choyamba musanakhudze swichi, pulagi ikhale kunja kwa soketi. Osati kungothimitsa pa khoma, zulani muione ndi maso anu ili pansi. Ndiye yendetsani chingwe chonse m'manja kuyambira ku pulagi mpaka polowera mu mashini. Zingwe za sanda zimakonda kuduka malo awiri, pamene chikulowa m'mashini chifukwa chopindikapindika, ndi pakati pamene tsiku lina lamba anachinyambita. Mukaona waya wa kopa akusuzumira musamange ndi jumbo ayi, dulani pamenepo mulumikize bwino kapena musinthe chingwe chonse. Ndipo chonde akuluakulu, zija zolowetsa mawaya awiri mu soketi n'kutsinira ndi timitengo ta machesi tisiye, pulagi ya mano atatu siyodula kuposa bokosi la maliro limene inu nomwe mumakhoma. Ekisitenshoni ngati ili yokulunga pa chiguduli imasuleni yonse, ikagwira ntchito ili yokulungidwa imatentha mkati mpaka pulasitiki kusungunuka, makamaka ndi sanda ya lamba imene imakoka magetsi ambiri, zina zimafika mawati 1,000. Magetsi athu ndi a 230 volts, ngati mashini munachita kutumiziridwa ndi m'bale wa ku America yang'anani kachitsulo kolembedwa pambalipo, ikakhala ya 110 kapena 120 mukangoilowetsa yapsa pompo.

Nthawi ya dzinja shedi zambiri zimadontha ndipo pansi pamakhala chinyezi. Musayime pa dothi lonyowa muli chabe phazi kapena ndi masilipasi, valani nsapato yotseka ya labala pansi, ndipo polumikizira ekisitenshoni pakhale pamwamba osati m'matope. Ngati mukugwiritsa jenereta ikhale panja, utsi wake umapha mwakachetechete m'chipinda chotseka.

Tsopano yang'anani swichi. Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene ine ndinaphunzirira movutikira. Sanda zambiri za lamba zili ndi kabatani kam'mbali kokhoma swichi kuti chala chisatope, ukakanikiza kamene kaja mashini imangolira yokha. Tsiku lina ndikusalalitsa pamwamba pa tebulo la mbawa, oda ya mayi ena amene analipira kale theka, magetsi phethi kuthima. Ine n'kungoika mashini pa tebulo pompo n'kupita kukadya chiwaya kutsidya kwa msewu, kuiwaliratu kuti kabatani kaja ndi kokhoma. Magetsi atayaka ine kulibe, mashini inanyamuka yokha ngati galimoto yopanda dalaivala, kukumba mzere pa tebulo lonse, kudumpha kumapeto n'kukagwa pansi pafupi ndi pamene mwana wa aneba amakonda kukhala kutolera tizidutswa ta matabwa. Mwayi wake anali atachokapo. Tebulo ndinachita kulipalanso lonse, chogwirira cha mashini chinasweka, koma chimene chinandisowetsa tulo ndi mwanayo. Nde lamulo langa kuyambira tsiku limenelo ndi lakuti magetsi akangothima, chinthu choyamba osati kudandaula, masulani swichi, zulani pulagi, kenako muzidandaula bwinobwino. Komanso nthawi iliyonse mukulowetsa pulagi, mashini ikhale m'manja kapena yogonekedwa cham'mbali lamba asakukhudza chilichonse.

Pulagi ikadali kunja, ikani sandipepa. Kumbuyo kwake kuli nambala, nambala yaing'ono ndi yokhakhala kwambiri, yaikulu ndi yosalala. 40 ndi 60 ndi zochotsera penti wakale kapena thabwa loti silinapalidwe, 80 ndi poyambira pa thabwa lochoka pa pulena, kenako 120, kenako 180, ngati mukufuna vanishi adzaoneke ngati galasi malizani ndi 220 kapena 240. Kudumpha kuchoka pa 60 kukafika pa 220 ndi kudzinamiza, mikwingwirima ya 60 ija siichoka, imangobisala, tsiku lopaka vanishi ndi pamene imatulukira yonse kasitomala ali pomwepo. Pa sanda ya lamba, mkati mwa lamba mumakhala kamuvi, kaloze mbali imene mashini imazungulira, pa mashininso pali kamuvi kake. Mukaika mozondoka polumikizira pake pamatha kumatuka lamba n'kukukwapulani. Mukamaliza kuika, lowetsani pulagi, nyamulani mashini m'mwamba, yatsani pang'ono muone ngati lamba akuyenda pakati, akamathawira mbali pali kozungulitsa kam'mbali kowongolera, potozani pang'onopang'ono mpaka akhazikike. Pa ya obito onetsetsani kuti mabowo a pepala alingana ndi mabowo a mashini, ndi mmene fumbi limadutsira kupita m'kathumba, ambiri amangomata mwachisawawa kenako n'kumati kathumba sikagwira ntchito.

A girayinda mverani kuno. Pa disiki iliyonse palembedwa liwiro limene ingapirire, nambala imeneyo ikhale yoposa kapena yofanana ndi ya pa mashini yanu. Disiki yaikulu yopangidwira girayinda ya mamilimita 230 musaimange pa kakang'ono, kakang'ono kamathamanga kwambiri disiki imatha kuphulika. Disiki yong'ambika m'mphepete, yonyowapo kapena yopindika tayani. Chogwirira cham'mbali chibwezereni, ndikudziwa munachichotsa kuti chimasokoneza, ndipo chotchingira chija ngati disiki yanu ikulola kuti chikhalepo chisiyeni pomwepo. Zomanga mpeni wa sowo pa girayinda sindikambako zambiri, osachita basi.

Chotsatira ndi thabwa lenilenilo. Liyang'aneni ngati muli misomali, masitepulo kapena timiyala, makamaka matabwa a mapaleti ndi ogumula ku nyumba zakale. Msomali wotuluka umang'amba lamba nthawi yomweyo komanso umathetheka moto, moto umenewo ukalowa m'kathumba kodzaza fumbi la matabwa umayamba kunyeka mkati osaoneka. Zulani kapena ikhomereni mkati ndi panchi. Thabwa likhale louma, laliwisi limangomata pa pepala, paini wa ku Chikangawa ali ndi utomoni nde amatseka pepala msanga kuposa mlombwa kapena mbawa. Kenako limangeni. Kalampa ziwiri pa benchi, ngati mulibe kalampa khomani kathabwa kopyapyala kumbuyo kwake kuti litsamire, chifukwa sanda ya lamba imakankhira thabwa kumbuyo, kumene kuli mimba yanu. Kugwira kathabwa kakang'ono ndi dzanja limodzi kwinaku mashini ku dzanja linalo, kapena kuponda ndi phazi, kapena kuuza mwana kuti tagwira apa, ndi mmene zala zimasendekera mpaka fupa. Bala la sanda ndi loipa chifukwa silidula ngati mpeni kuti adokotala asoke, limachotseratu khungu.

Zovala mwachidule, malaya a manja aatali pindani, shati yolendewera ilowetseni, zingwe za mahedifoni, korona kapena tcheni cha m'khosi chotsani. Amayi ndi atsikana amene mwalowa ntchitoyi, ndipo mukuchuluka masiku ano zomwe ndi zabwino, mangani tsitsi kapena meshi kumbuyo ndipo nsonga ya chitenje isalendewere, bola ovolosi. Magulovu okhwepa pa sanda ya lamba ayi, akakodwa amakoka dzanja lonse.

Nkhani ya fumbi ndi imene anthu amaiseka koma kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse ndalembazi, chifukwa chala chikasendeka umaona magazi n'kuthamangira kuchipatala, pamene fumbi limakudya zaka osadziwa. Utuchi wa pa sowo ndi waukulu umagwa pansi, koma wa sanda ndi wosalala ngati ufa woyera, umayandama m'mwamba nthawi yaitali mashini itathima kale. Madzulo mukamina mamina n'kutuluka ofiira ngati mbawa, dziwani kuti lina lapitirira kukafika m'mapapo. Fumbi la matabwa limayambitsa mphumu, chifuwa chosatha, kuyabwa kwa khungu ndi maso, ndipo bungwe lofufuza za khansa la IARC lomwe lili pansi pa WHO linaliika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa kuyambira 1995, makamaka khansa ya m'mphuno kwa anthu ogwira mitengo yolimba zaka zambiri. Kamasiki kabuluu kaja tinkavala nthawi ya Covid sikathandiza kwenikweni apa poti m'mbali mumalowa mpweya, kampango komanga pamphuno nakonso chimodzimodzi. Funani yolembedwa FFP2 kapena N95, imapezeka m'mahadiweya, pindani kachitsulo kapamphuno kagwire bwino, ndipo ngati muli ndi ndevu zambiri dziwani kuti siimata. Ikada mkati kapena kupuma kukayamba kuvuta sinthani. Ndipo zija amati ukamaliza umwe mkaka utsuke fumbi, amwene mkaka umapita m'mimba fumbi lili m'mapapo, njira zake ndi ziwiri zosiyana. Imwani poti ndi wokoma koma masiki valani.

Ngati n'kotheka gwirirani panja kapena pakhomo pa shedi, mphepo izichokera kumbuyo kwanu kukankhira fumbi kutali, koma muonenso kumene likupitako, kusakhale kumene mayi akugulitsa mandasi kapena kumene ana akusewera. Kathumba ka fumbi kamangeni ndipo muzikakhuthula kasanadzaze. Pali zinthu zina zofunika kusamala kowirikiza, MDF ndi chipibodi, matabwa aja opangidwa ndi utuchi wopanikiza, zili ndi guluu wa mankhwala ndipo fumbi lake ndi losalala kwambiri, matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala a chiswe, komanso penti wakale wa pa zitseko ndi mawindo a nyumba zakale amene amatha kukhala ndi mtovu, poizoni woononga ubongo wa ana. Penti wotereyu bola kumupala ndi sikirepa mutanyowetsa kusiyana ndi kumusandutsa fumbi. Malata a asibesitosi musawayandikize sanda olo pang'ono. Fumbi lochokera ku zinthu zimenezi musapatse anthu kuti akayale m'khola la nkhuku kapena akasonkhere mbaula.

Maso, magalasi otseka m'mbali, osati a dzuwa. Makutu nawo, ngati mnzanu ali pafupi koma mukuchita kukuwa kuti amve ndiye kuti phokosolo likuononga makutu, tizotsekera ta siponji n'totchipa. Madala ambiri a m'mashedi ukawalankhula amangoti eee? si ukalamba wokha ayi.

Tsopano kusalalitsa kwenikweniko. Tengani pensulo mukhwatchekhwatche pamwamba pa thabwa lonse, mizere ikafufutika ponse ndiye kuti nambala imeneyo yamaliza ntchito yake, pitani ku ina. Chingwe chiponyeni paphewa chikhale kumbuyo kwanu. Imani miyendo yotalikirana, manja onse awiri pa mashini.

Ya lamba yatsani ili m'mwamba, idikireni ifike pa liwiro lake, kenako itsitseni mofatsa ikuyenda kale, ngati mmene ndege imaterera. Yendetsani motsata mizere ya thabwa, osati mopingasa, kutsogolo ndi kumbuyo, ulendo uliwonse uzipondako pang'ono pamene munadutsa kale. Musaime malo amodzi olo kwa masekondi awiri, imakumba chidikha chimene simungachichotse mosavuta. Kumapeto kwa thabwa musalole kuti yoposa theka ituluke kunja, imapendekeka n'kudya kona. Pomaliza inyamuleni kaye, thimitsani, dikirani lamba aime ndiye muiike pansi.

Ya obito yozungulira ndi zosiyana pang'ono, iikeni pa thabwa kaye ndiye muyatse, chifukwa ikayakira m'mwamba imathamanga kwambiri ndipo pofika pa thabwa imasiya chizindikiro. Pochotsa inyamuleni ikulira ndiye muthimitse. Yendetsani pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi, mukamathamangitsa ngati mukusita malaya mochedwa ku tchalitchi imasiya tizingerengere timene timaoneka bwino vanishi akalowa.

Ndipo osakanikiza. Ili ndi vuto la aliyense woyamba, amaona ngati akagonera mashini ndi thupi lonse ntchito ithamanga. Kulemera kwa mashini ndi dzanja lanu n'kokwanira. Mukakanikiza mota imatentha, pepala limatha msanga, thabwa limapsa kuda, ndipo ikangoterereka inuyo mumagwera pomwepo. Mukaona kuti sikudya ndiye kuti pepala latha kapena nambala ndi yosalala kwambiri, zulani pulagi musinthe, kuumira pepala la mtengo wochepa n'kupsetsa mota ndi masamu olakwika. Pa pulayiwudi ndi bulokobodi samalani, kachikopa kapamwamba n'kopyapyala kwambiri, yambani ndi 120 kapena 180 ndipo ya lamba isafikeko.

Girayinda pa thabwa igwireni mopendeketsa pang'ono kuti mbali imodzi yokha ya disiki izikhudza, osaigoneka yonse komanso osalasa ndi m'mphepete. Samalani m'makona ndi m'mabowo, disiki ikakodwa mashini imabwerera kwa inu mwamphamvu, nde thupi lanu lisakhale pa mzere wa disiki. Kunena zoona pa tebulo kapena chitseko girayinda imasiya mafunde, ndi yabwino pochotsa penti kapena kuumba zopindika, koma kumaliza mumalize ndi ya obito kapena pamanja ndi kathabwa kokulunga sandipepa.

Muzipuma. Mashini zimenezi zimanjenjemeretsa manja, mukamva dzanzi kapena zala kuyereratu siyani kaye, tambasulani manja, chitaniko ntchito ina. Kupanikiza tsiku lonse zaka ndi zaka kumaononga mitsempha ya m'zala mpaka kumanga batani la shati kumavuta. Pa kupuma komweko gwirani mashini mumve kutentha kwake, tsukani timabowo tolowera mpweya ndi kabulashi kouma. Mukaona moto wambiri ukuthetheka mkati mwa mota kapena fungo la chinthu chopsa, thimitsani, nthawi zambiri amakhala mabulashi a kaboni, timakala ta mkati mwa mota, atha, ndi otchipa kusintha kusiyana ndi kudikira amecha, chozungulira cha mkati mwa mota, ipse. Komanso mashini imodzi musachoke nayo pa chitsulo kupita pa thabwa kathumba kali pompo, chotsani kathumba ndipo muipukute kaye. Thinazi, petulo ndi vanishi wotsegula zikhale kutali, ndipo wosuta akasutire kunja.

Zikavuta nanga? Fumbi kapena kachidutswa kakalowa m'diso musatikite ndipo musalole mnzanu kuti achotse ndi lilime kapena kamtengo ka machesi, thirani madzi oyera ambiri kwa mphindi zingapo, chikapanda kuchoka kapena ngati ndi kachitsulo phimbani diso mupite kuchipatala. Bala losendeka tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, mangani ndi kansalu koyera mukanikize, osathira utuchi, guluu kapena thinazi ngati mmene ena amachitira, likakhala lakuya pitani akaone ngati mukufunika jakisoni wa kafumbata. Mnzanu akagwidwa ndi magetsi musamugwire ndi manja, thimitsani pa meni swichi kapena zulani pulagi, zikakanika mukankheni ndi thabwa louma, matabwa mu shedi ndiye sasowa.

Mukamaliza ntchito zulani pulagi pogwira pulagiyo osati kukoka chingwe. Khuthulani kathumba tsiku lomwelo panja, makamaka ngati munasalalitsa chinthu chopakidwa vanishi kapena mafuta, fumbi lotere likaunjikana limatha kutentha lokha usiku inu muli mtulo. Posesa wazani timadzi pansi kaye ndipo masiki ikhale ikadali pamphuno, zopemerera ndi kompuresa kapena kudzikuntha ndi shati zimangobwezera fumbi lonse m'mwamba. Thabwa lipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, likauma mumva titsitsi tadzuka, dutsanipo pamanja ndi 220 mopepuka ndiye mupake sila kapena vanishi. Ovolosi isiyeni ku shedi konko kapena ichapidwe payokha, osafika nayo kunyumba n'kunyamula mwana. Chingwe kulungani momasuka osati kuchimanga mothina pa mashini, ndipo muiike pamwamba pamene ana sangafikire, poti akaiona ili pansi aliyense amafuna ayeseko kuliza.